Canva m'kalasi ya Chingerezi: ana ayambe alemba papepala

Aphunzitsi, mwafunsa ngati Canva (pulogalamu yopangira mapositala pafoni kapena pakompyuta) ndi CapCut (yokonzera makanema) zingathandize ana anu a Fomu 3 pa Chingerezi, kapena n'kungotaya nthawi poti MSCE ikuyandikira. Ine ndikuti zigwiritseni ntchito, koma foni ibwere pomaliza.

Canva ili ndi ma template, omwe ndi mapositala okonzeratu. Mwana amangosankha imodzi, n'kusintha mawu awiri atatu, positala n'kutuluka yokongola zedi, koma Chingerezi cha mwiniwake mulibemo. N'chifukwa chake ayambe ndi cholembera. Apatseni ntchito yofotokozera mlendo za malo a muno mu Blantyre, monga tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe anamaliza kumanga mu 1891, kapena Mandala House ya mu 1882. Ngakhale msika wa Limbe ukhoza. Akajambule okha zithunzi, alembe ndime yathunthu, inu muchonge. Akatero muwauze kuti papositala palowe ziganizo zinayi zokha. Apa m'pamene pagona phindu, chifukwa amakangana kuti mfundo yaikulu ndi iti, nanga mawu otaya ndi ati. Luso limeneli ndi lomwe lija amafuna a MANEB pa summary ndi note making (kufupikitsa nkhani ndi kutolamo mfundo zikuluzikulu).

CapCut ndimaikonda pa kalankhulidwe. Mwana wamanyazi, amene sakweza dzanja m'kalasi, amadzijambula mawu mobwerezabwereza mpaka atakhutira, ndipo amadzimvera yekha pamene wasokoneza l ndi r. Kanema wa mphindi imodzi ndi wokwanira. Mawu oyenda pansi pa kanemayo alembe okha, asalole kuti foni iwalembere.

Za bando musade nkhawa kwambiri. Foni imodzi ikwanira ana asanu, bola azisinthana, apo ayi mnyamata mmodzi wozolowera foni agwira zonse anzake akungoonerera, makamaka atsikana. Canva imafuna intaneti, koma ngati kusukulu kwanu kuli makompyuta, PowerPoint imagwira ntchito yomweyi popanda bando. Ndipo chonde, nkhope za ana zisapite pa Facebook makolo asanavomere.

Pochonga, malikisi ambiri apite ku Chingerezi, ochepa ku kugwirizana kwa chithunzi ndi mawu. Kukongola kokha musakupatse kanthu, ndipo anawo muwauziretu zimenezi asanayambe. Satifiketi ya MSCE satenga munthu amene walephera Chingerezi, choncho ndime ya papepala ija azipereka limodzi ndi positala, muzichonga zonse ziwiri.