Kodi kuula ya madzi ingathandize pakhonde?

Funso: Zikomo akonzi, ine ndimakhala ku Mangochi kuno ndipo Okutobala akafika pakhonde pathu sipakhalika, malata amachita kuwotcha mutu, ana kumangolira. Ndinaona kuula ija yothira madzi, kodi panja ingagwire ntchito kapena ndingotaya ndalama? Mayi wa ku Mpondasi.

Yankho: Mayi, gulani koma mudziwe kaye mmene imagwirira ntchito. Mkati mwake muli fani yomwe imakoka mphepo kudutsa pa zinthu zonyowa ngati siponji, madzi aja akamauma ndiye mphepo imatuluka yozizira, chimodzimodzi mtsuko wa dothi umene umaziziritsa madzi akumwa. Ndiye Seputembala mpaka Novembala kukakhala kouma imathandizadi, koma mvula ikayamba mpweya umakhala wachinyontho kale ndipo mudzangomva ngati fani wamba, makamaka inu amene muli pafupi ndi nyanja.

Muyiike pafupi, mphepo izikuwombani inuyo, osati kuyembekeza kuti iziziritsa khonde lonse ayi. Mbali yolowera dzuwa mangani mphasa kaye.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi udzudzu, malungo kumeneko ndi nkhani yaikulu, chonde musasiye madzi m'thanki masiku ambiri, muziwataya n'kutsuka. Madzi a pamjigo akakhala amchere amasiya zoyera pa siponjipo, muzichapa pafupipafupi.