Abusa, kutopa kwanuko si kuchepa kwa chikhulupiriro

Abusa, mwafunsa ngati kusowa tulo, kuuma kwa pemphero, ndi mtima wanu kugunda foni ikangolira zikusonyeza kuti chikhulupiriro chanu chazilala. Ine ndikuti ayi. Mwatopa, ndipo kutopa kotereku nkodziwika. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakulemba kuti ndi vuto lobwera munthu akapanikizika ndi ntchito nthawi yaitali: mphamvu zimatha, mtima umatalikira ntchito, ndipo munthu amaona ngati palibe chimene akuphulapo. Zonsezi ndaziona m'mawu anu.

Tawerenganinso 1 Mafumu 19, koma osati pokonza ulaliki. Eliya anali atangogonjetsa aneneri 450 a Baala paphiri la Karimeli. Posakhalitsa tikumupeza m'chipululu, pansi pa kamtengo, akupempha kuti afe. Mulungu sanamudzudzule. Anamuleka agone, mngelo anamudzutsa ndi kumupatsa mkate ndi madzi, iye nkugonanso, nkudyetsedwanso kachiwiri. Zokambirana zinadza pambuyo, ku Horebu, atayenda masiku 40. Ndimeyi imandikhudza kwambiri, chifukwa ife timafulumira kuuza munthu wolefuka kuti asale kudya ndi kuchezera kupemphera, pamene Mulungu anayamba ndi tulo ndi chakudya. Eliya atadandaula kuti watsala yekha, anauzidwa kuti alipo ena 7,000 amene sanagwadire Baala, ndipo anatumidwa kukadzoza Elisa, amene anadzakhala womuthandiza.

Apa mpomwe ndikufuna muganizirepo. Mbusa amamva zinsinsi za mpingo wonse, koma zake alibe pozitulira. Amachoka kumanda atatonthoza anamfedwa, nkufika pakhomo, jekete asanavule nkomwe, mwana akamufunsa kanthu kakang'ono amamukalipira, kenako usiku wonse nkumadziimba mlandu. Pezani mbusa mnzanu, makamaka wa mpingo wina, amene mungamamuuze zakukhosi mosaopa kuti mawa zikamveka kwa akulu ampingo. Am'banja mwanu musawasenzetse zonse okha, nawonso atopa.

Za ntchito, Yetero anauza Mose pa Eksodo 18 kuti akapitiriza kuweruza yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo adzalefuka, iye pamodzi ndi anthuwo. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi ndi akulu ampingo, muwauze mosabisa mmene mulili, mugawane kuyendera odwala ndi kutsogolera mapemphero a mkati mwa sabata. Musankhenso tsiku limodzi lopuma, mulilengeze pagome, ndipo tsikulo foni ya zampingo ikhale ndi mkulu wina. Ena adzang'ung'udza poyamba, koma adzazolowera.

Chinthu china musachitenge mopepuka. Ngati patha masabata awiri mtima uli wolemera tsiku ndi tsiku, chakudya sichikukoma, zimene munkasangalala nazo sizikukukondweretsaninso, pitani kuchipatala mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Matenda a maganizo amachizika, ndipo kumwa mankhwala sikulanda malo a pemphero. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwerani, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni.

Ulaliki wa Lamulungu likubwerali, pemphani wina akugwirireni. Inu mukakhale pa benchi, mukangomvetsera.