Kodi khansala ali ndi mphamvu zanji pa chitetezo cha m'dera?

Wowerenga wina wa ku Lizulu watilembera kuti: "Ng'ombe zatha kubedwa kuno. Ndikufuna kudzaima pa ukhansala kuti ndithetse zimenezi. Ndiyambire pati, ndipo ndikapambana apolisi adzandimvera?"

Bambo, tiyambe ndi funso lachiwirilo. Khansala salamula apolisi. Apolisi ali pansi pa unduna woona za chitetezo cha m'dziko, pamene makhonsolo ali pansi pa unduna wa maboma ang'ono. Ngakhale bwanamkubwa wa Ntcheu amangogwira ntchito limodzi ndi mkulu wa polisi, samulamula. Musadzalonjeze pamsonkhano kuti mudzabweretsa polisi yuniti. Ambiri agwa ndi lonjezo limeneli.

Mphamvu zanu zidzakhala kwina. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu zokonza malamulo a m'boma lake ndi kuvomereza bajeti. Apa ndi pomwe mungakankhire kuti ng'ombe isagulitsidwe kapena kuphedwa pamsika popanda kalata ya amfumu ndi chilolezo cha alangizi a ziweto, kuti pamsika pakhale magetsi, kuti wapolisi amangiridwe nyumba. Dziwani kuti lamulo lotere limadikira chivomerezo cha nduna, ndipo pamenepo zinthu zimachedwa.

Poyambira ndi kumudzi. Lowani m'komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), kenako m'komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) ya kwa mfumu yaikulu yanu, chifukwa chitukuko chimene sichinadutse m'makomiti amenewa sichilowa m'pulani ya boma. Lowaninso m'komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ija ya community policing imene ili m'lamulo la apolisi la 2010. Kumeneko mudzaphunzira zimene sizilembedwa: khola liti lili kutali ndi nyumba, njira ziti zimatulukira kuseri kwa msika, ndani amagula nyama usiku osafunsa.

Dera lanu lili ndi vuto lakelake. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo ng'ombe yotuluka m'khola pakati pa usiku imakhala ili ku Angonia, tsidya la Mozambique, tambala asanalire. Wapolisi wa ku Malawi sangawoloke kukagwira munthu ku Mozambique. Chimene chimathandiza ndi ubale wa mafumu a mbali ziwirizi, poti ndi Angoni amodzi, amalirana maliro ndi kukwatirana. Khansala wanzeru amadziwana nawo ng'ombe zisanabedwe. Limbikitsaninso kuti mudzi uliwonse ukhale ndi kaundula wa ziweto: mwini wake, mtundu wa chikopa, maonekedwe a nyanga, chizindikiro cha pakhutu. Popanda zimenezi, ng'ombe ikapezeka mlandu umafera m'mazira chifukwa palibe umboni woti ndi yanu.

Chimene chimaononga magulu olondera ndi kumenya. Anyamata akagwira munthu, ntchito yawo ndi kum'pereka kupolisi msangamsanga, ndipo malamulo amati akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Akam'vulaza, iwowo ndi amene amakagona m'chitolokosi. Afotokozereninso anthu kuti belo sitanthauza kuti mlandu watha, komanso kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, chifukwa mkwiyo wambiri umayambira pomuona woganiziridwa uja akuyenda pamsika mawa lake.

Za chisankho: makhansala amasankhidwa zaka 5 zilizonse pamodzi ndi aphungu ndi pulezidenti kuyambira 2014, ndipo mutha kuimira chipani kapena kuima panokha. Ntchitoyi ilibe malipiro enieni, koma kangachepe ka pamwezi, choncho munda wanu wa mbatata musausiye.