Mzungu wa pachithunzi cha m'Baibulo la bambo anu

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yathayi. Bambo ake anali injiniya wa misewu komanso mkulu wa mpingo, ndipo anatisiya chaka chatha. Posanthula katundu wawo, mayiyu wapeza m'Baibulo lawo kachithunzi kong'ambidwa m'magazini, pansi pake patalembedwa dzina loti R. G. LeTourneau. Akufunsa kuti ameneyu anali ndani, ndipo n'koyenera kodi kumutchula pa mwambo wa chiliza mwezi wamawa?

Pepani kwambiri ndi zovutazo, mayi. Za mkuluyu ndikuuzani, chifukwa nanenso ndinayamba kumumvera pa guwa, koma nkhani yake ikufotokozedwa mopotoka.

Robert Gilmour LeTourneau anabadwa m'chaka cha 1888 ku Richford, m'chigawo cha Vermont ku America, ndipo anamwalira mu 1969 ku Longview, Texas. Sukulu anaisiya ali ndi zaka 14. Uinjiniya wake anauphunzirira m'manja: kusungunula zitsulo, umakaniko wa pa galaja, kuwotcherera. Akatapila amene timawaona akukokolola dothi pokonza msewu aja, nzeru zake zambiri zinachokera kwa iyeyu, ngakhale dzina loti katapila ndi la kampani ina, Caterpillar, yomwe anagwira nayo ntchito kwa zaka zingapo mumzinda wa Peoria, ku America komweko. Chimene amatchuka nacho kwambiri n'chooneka chaching'ono: m'ma 1930 anachotsa mawilo achitsulo pa makina okokolola dothi n'kuikapo matayala akuluakulu a mphira. Makina amene ankatitimira mumchenga anayamba kuthamanga atasenza katundu. Zimene anatulukira n'kulembetsa m'dzina lake zinayandikira 300, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse makina ambiri osalaza misewu ndi mabwalo a ndege a asilikali a America ndi anzawo anachokera m'mafakitale ake.

Alaliki amakonda mbali imodzi yokha. Amati munthuyu anatembenuza chakhumi: magawo 9 ankapereka kwa Mulungu, limodzi n'kutsala nalo. Zimenezo n'zoona ndithu, anachitadi pamodzi ndi mkazi wake Evelyn kuyambira cha m'ma 1935, kudzera m'bungwe lomwe anakhazikitsa. Chimene chimandinyansa ine n'choti nkhaniyi imasanduka nyambo, ati bzalani mbewu lero mawa mulemere ngati LeTourneau. Sanena kuti bamboyu anamira m'ngongole kangapo, ndipo ntchito ya msewu wopita ku damu lalikulu la Hoover ku America mu 1931 inatsala pang'ono kumugwetseratu. Sanena kuti mwana wawo woyamba, Caleb, anamwalira ali khanda pa mliri wa chimfine uja wa kumapeto kwa nkhondo yoyamba. Sanenanso za Donald, mnyamata yemwe anali atayamba kale kuthandiza bambo ake pa kampani, amene anafa pa ngozi ya ndege mu 1940. Makolo oika ana awiri m'manda, koma pa tchalitchi osasowa. Ndikuganiza kuti bambo anu, munthu wodziwa kuwawa kwa ntchito yotha ndalama msewu usanathe, ankaona zimenezi poyang'ana kachithunzi kaja.

Koma LeTourneau tisamuyeretse mopitirira. Kumapeto kwa sabata nthawi zambiri ankakhala m'ndege kupita kukalankhula m'mipingo, ndiye ana ankalera ndi Evelyn. Ngakhale sukulu imene inasunga dzina lawo, LeTourneau University, inayamba mu 1946 chifukwa cha maso a mayiyu: ali m'ndege anaona chipatala cha asilikali chosiyidwa ku Longview, n'kufunsa kuti bwanji osaphunzitsiramo anyamata obwera kunkhondo. Mwana wawo Richard anadzakhala mkulu wa sukuluyo.

Tsono za pa chiliza paja. Mutchuleni, koma kamodzi kokha, mwina kachithunziko kali m'manja. Anthu sadzabwerera mzungu wa ku Texas ayi. Nthawi yotsalayo tchulani mlatho kapena msewu umene bambo anu anamanga, dzina lake lenileni, kuti wina pagulupo ati eya, ndimadutsapo. Musanalembe kalikonse, khalani pansi ndi amayi anu ngati alipo, muwafunse za miyezi imene bambo ankagona kumsasa wa ntchito, kuti fizi ndi ufa ankaziyendetsa ndani. Muonenso tsamba lomwe kachithunziko kanali, ngati simunakasunthe kale. Ndime yowerenga tsikulo mwina ili pomwepo.