Switi ya mwana iyambe yafika m'manja mwa amake

Mdzukulu wanga wa ku Chilenje, uthenga wako ndaulandira. Ukuti Khirisimasi yayandikira, ana ako awiri adzalandira maswiti ndi mabisiketi kutchalitchi, kwa azakhali awo ku Matero ndiponso kwa alendo obwera pakhomo, ndiye ukufuna ndikuuze kuti mwana adye maswiti angati patsiku kuti mano asawole. Ine maswiti sindiwerenga ayi. Chimene unayenera kundifunsa n'chakuti maswitiwo akalowa pakhomo amakhala m'manja mwa ndani.

Kwathu ku Katete, mwana akapatsidwa kanthu ndi munthu wamkulu ankagwada, kulandira ndi manja awiri, kuthokoza, kenako n'kuthamanga kukaonetsa amake asanalaweko n'komwe. Patsiku la Khirisimasi tinkadya mpunga ndi nkhuku, tikatero n'kuyenda gulu khomo ndi khomo titavala zovala zatsopano, ndipo chilichonse chimene tatola, kaya ndi mpinjiri wa nzimbe, chitumbuwa kapena switi imodzi ya kusitolo ya pamsewu, chinkabwera kudzatulidwa pamphasa pamene amayi akhala. Ndikukumbukira amayi akuphwanya switi imodzi ndi chigwiriro cha mpeni kuti ikwanire ana anayi, kachidutswa kenanso n'kukamanga pansonga ya chitenje kusungira mlongo wanga amene anali kubusa. Sitinkadziwa kuti amayi akutiteteza mano, ndipo ndikukayika ngati iwo eni ankaganizako zimenezo. Iwo ankangofuna kudziwa amene wapatsa mwana wawo kanthu, kuti akamuthokoze, komanso kuti pasakhale mwana wodyera kuseri kwa nkhokwe anzake akumeza malovu.

Mwambo umenewu ndi umene ndikuona kuti ukutha muno mu Lusaka. Mlendo amatulutsa paketi yathunthu m'chikwama n'kupatsa mwana wa zaka zinayi, mwanayo amalandira ndi dzanja limodzi maso ali pa foni, ndipo amake amadzazindikira madzulo poona mapepala ali mbwee kuseri kwa mpando, nsima atayikana. Ena mumawapatsa ndalama kuti akadzigulire okha pa kantemba, eti asakusokoseni. Sindikuti ndiwe mayi wosasamala, pajatu ukanakhala wotero sukanafunsa, koma inu ana a masiku ano mumaopa kulira kwa mwana ngati kuti misozi imapha.

Poti umakonda manambala, nawa. M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa achepe, ndipo linati ndi bwino koposa akamakhala wosapitirira magalamu pafupifupi 25 patsiku, amene ndi timasupuni 6 ta tiyi. Umenewo ndi muyeso wa munthu wamkulu, wa mwana wamng'ono ndi wocheperapo, pamene chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 kawirikawiri chimakhala ndi magalamu oposa 30. Asakunamizenso wina kuti shuga ndi mankhwala chifukwa choti kuyambira 1998 shuga wa m'dziko muno amathiramo vitamini A. Vitamini ameneyo alimonso m'mango ndi m'chibwabwa, ndipo mwezi uno mango ali mbwee ku Soweto Market. Chimene chimawononga mano kwambiri ndi kumung'unya switi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chifukwa tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shugayo kukhala asidi wodya mano, ndipo nthawi iliyonse imene mwana waponya ina m'kamwa ntchitoyo imayambiranso.

Tsono ana ako usawamane maswiti, poti chikondwerero ndi chawo. Uwauze lero lomwe, tsikulo lisanafike, kuti chilichonse chimene alandire abwere nacho kwa iwe. Upeze mbale yovundikira uziikamo zonse iwo akuona, kuti adziwe kuti sunawalande. Akatha kudya nsima, itana ndi ana a pafupi omwe, ugawe onse adyere pamodzi nthawi imodzi, amwe madzi, ndipo pogona atsuke mano ndi mswachi ndi mankhwala iwe uli pomwepo. Zotsala zidikire mawa, ndipo zina zikafike pa Chaka Chatsopano.

Pa 26 ubwere nawo kuno ku Kabwata. Ndidzawapatsa switi imodziimodzi, ndione ngati adzayambe kuyang'ana kwa iwe asanasende pepala.