Funsani za Zisudzo: Gulu la ophunzira likapita koyenda

Funso: Tinapita ndi ana a kalabu ya zisudzo kusukulu ina. Sewero lili mkati magetsi anathima, masipika kuti zii, anthu n'kuyamba kutuluka. Tigule jenereta? (Mphunzitsi, Dedza)

Yankho: Aphunzitsi, kubwereka n'kokwanira, koma yambani mwaphatikiza mawati (muyeso wa mphamvu ya magetsi) a zipangizo zanu. Masipika awiri a mawati 300 ndi mababu anayi a LED a mawati 50 akukwana 800, ndiye jenereta ya 2 kVA (muyeso wa mphamvu ya jenereta) itha ntchitoyo. Yotereyi imamwa pafupifupi lita imodzi ya petulo pa ola, choncho chigubu cha malita 5 chikwanira. Muiike panja, mamita 20 kuchokera paholo, mbali imene mphepo ikupita, kuti utsi usabwerere m'holo. M'chipinda ayi, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe sumveka fungo koma umapha. Chingwe chachitali muchitambasule chonse, chikakhala chokulunga chimatentha.

Komatu chimene chinabalalitsa anthu ndi chakuti ana anu anazolowera maikolofoni. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, ku Zomba, linkapita ndi masewero a Chichewa m'midzi m'zaka za m'ma 1980, kumachitira pabwalo ndi mawu apakamwa. Poyeserera muziima mamita 25 kuchokera pa ana. Amene simukumumva abwereze, mpweya uzichokera pamimba, osati kukuwa ndi kukhosi. Mukonzeretu nyimbo imodzi ya ng'oma yoti mdima ukangogwa gulu lonse liiyambe, ana awiri atayatsa matochi kutsogolo. Anthu akamva ng'oma sadzuka pampando.

Funso: Mnzathu wa gawo lalikulu anafika mawu atasasa, chonsecho ponyamuka anali bwinobwino. Chinachitika n'chiyani? (Wophunzira wa Fomu 3, Mangochi)

Yankho: Mwanawe, mwina munaimba njira yonse pamwamba pa lole. Kulimbana ndi phokoso la injini, uku fumbi ndi mphepo zikuumitsa kukhosi, kumatupitsa timinofu totulutsa mawu. Osewera magawo aakulu asaimbe paulendo, azimwa madzi pafupipafupi. Mawu akasasa kale, akhale chete mpaka nthawi yake, asanong'onenso, poti kunong'ona kumatopetsa kholingo. Madzi ofunda a uchi amafewetsa kukhosi koma sachotsa kutupako. N'chifukwa chake gawo lililonse lalikulu liyenera kukhala ndi wachiwiri amene analiloweza ndi kuliyeserera.

Funso: Nthawi zonse timaiwala kanthu, ndipo masiteji ena timawapeza aang'ono. (Mtsogoleri wa gulu, Mzuzu)

Yankho: Katundu wa aliyense n'chiyambi cha kuiwala. Sankhani mwana mmodzi wosasewera, agwire mndandanda n'kumachonga pokweza, potsitsa ndi pobwerera. Zovala za munthu aliyense wa m'sewero zikhale m'thumba lakelake lolembedwa dzina. Muikemonso singano, ulusi, mapini ndi choko. Za siteji, imbani foni kukadali sabata, akuyezereni mulitali ndi mulifupi, mujambule kukula komweko pansi n'kuyesererapo. Mufike maola atatu sewero lisanayambe, ana ayende polowera ndi potulukira, mufufuze misomali ndi matabwa ogwedera. Maikolofoni ikhale kumbuyo kwa masipika, apo ayi imalira mluzu wogonthetsa m'khutu.

Funso: Nanga tikafika pamudzi pali maliro, kapena mvula ikugwa? (Wophunzira, Thyolo)

Yankho: Pamaliro palibe sewero. Kapepeseni, mupangane ndi amfumu tsiku lina. Foni ya m'mawa musananyamuke ikadapulumutsa ndalama za galimoto. Mvula yamphamvu padenga la malata imameza mawu onse, ndiye imani, imbani, muyambirenso gawolo ikachepa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi bwino kuchita m'mawa, chifukwa mvula yamabingu imakonda kubwera masana.