Za timeshare ya ku Durban ija, achemwali, funsani kaye za levy

Achemwali, ndaliona funso lanu. Mwati mwana wanu wa ku Johannesburg akufuna muphatikize ndalama mugule timeshare ku Durban, ndiye mukufuna kudziwa kuti ogulitsawo amafuna munthu wopeza ndalama zingati, komanso ngati munthu wa geni ya soya ndi mtedza pa Santhe angaloledwe. Alamu anga analowa m'zimenezi, ndipo mapepala awo ndinawawerenga ndi maso angawa, choncho ndiyankhako.

Timvane kaye chimene chikugulitsidwa. Si nyumba ayi. Mukugula ufulu wogona sabata imodzi pachaka m'chipinda cha pamalo opumulirako, masabata enawo ndi a anthu ena. Ena amagulitsa sabata yokhazikika, ena amakupatsani mapointi oti muzisungitsira malo, ndipo ndi mapointi mumalimbirana masiku abwino ndi anzanu onse amene anagula.

Za kuyenerera, zipata zilipo ziwiri. Choyamba ndi cholowera kumsonkhano wawo wotsatsa malonda, uja amakuitanirani ndi mphatso. Amafunsa zaka zanu, ndalama zimene banja limapeza, ngati muli ndi khadi la kubanki, ndipo ngati muli pabanja amakonda kuti mubwere nonse awiri. Malire a ndalamawo kampani iliyonse imadziikira yokha, si lamulo la boma. Zoti mubwere nonse si ulemu, akutseka pakamwa kuti wina asanene kuti ndikafunse kaye abambo kunyumba.

Chipata chachiwiri ndi cha malipiro. Wolipira zonse pamodzi safunsidwa zambiri kupatula pasipoti ndi umboni wa komwe amakhala, ndipo kukhala Mmalawi sikuletsa. Pangongole mpamene pali ntchito. Ku South Africa lamulo la National Credit Act la 2005 limakakamiza wobwereketsa kufufuza ngati munthuyo angathe kubweza, ndiye amafuna payslip, sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu ndi mbiri ya ngongole zakale. Inu ndalama zanu zimabwera ndi nyengo, zambiri mukakolola, mu January mulibe, ndipo payslip mulibe. Ndiye ngongoleyo idzalembedwa m'dzina la mwanayo, ngati mapepala ake okhalira kumeneko ali bwino. Mukadzalephera kutumiza gawo lanu, dzina lodzaipa kubanki ndi lake.

Koma zipata ziwirizi anthu ambiri amadutsa, chifukwa wogulitsa akufuna mudutse. Chimene chinawapweteka alamu anga ndi levy, ndalama yosamalira malowo imene mumalipira chaka ndi chaka, mupite musapite. Imakwera pafupifupi chaka chilichonse, ndipo akafuna kukonza denga kapena dziwe losambira akhoza kuwonjezera ina yapadera. Yonseyi ndi ya ma rand. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Alamuwo anadzuka m'mawa wina levy yomweyo ikufuna makwacha ochuluka kuposa dzulo lake, pomwe mabelo a fodya amene anatengera kumsika wa Chinkhoma anali omwe aja. Nanga kuti muwapeze ma rand enieniwo kubanki, nonse mukudziwa mmene forex ikuvutira.

Ndiyeno sabata yawo inagwera mkati mwa January, chifukwa masabata a Khirisimasi ndi odula kwambiri. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu angasiye munda mu January, fodya akufuna manja, chimanga chikudikira feteleza wachiwiri, aganyu akudikira malipiro? Anapitako kamodzi basi. Basi yodutsa ku Tete, Harare ndi Beitbridge inawadyera pafupifupi masiku awiri, kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Durban ndi makilomita enanso oposa 500. Chipindacho chinalidi chokongola, sindingawanamizire, pakhonde ukuona nyanja yamchere. Koma chakudya ndi mayendedwe zinali zochokera m'thumba mwawo. Chaka chotsatira ndinawapeza pansi pa chigafa atagwira foni, akuwerenga uthenga wowakumbutsa ngongole ya chipinda chimene anagonamo masiku asanu ndi awiri okha.

Atafuna kutuluka anauzidwa kuti mgwirizanowo ulibe tsiku lothera, apeze okha wogula. Wogula sanapezeke ngakhale pamtengo wotaya. Si iwo okha: madandaulo otere anachuluka mpaka bungwe la National Consumer Commission la ku South Africa linachita kafukufuku wa bizinesi imeneyi mu 2017, lipoti lake n'kutuluka mu 2018, ndipo nkhani ya mapangano osathawa inali pakati penipeni.

Malangizo anga ndi oti musagule. Ngati mwanayo waumirira, asasaine tsiku la msonkhanolo ngakhale amuuze kuti mtengo wotsikawo ndi wa lero lokha. Apemphe mapepala a levy a zaka zisanu zapitazo aone mmene yakhala ikukwerera, afunse kuti mgwirizano ukutha chaka chiti, ndipo njira yotulukira ikhale yolembedwa, osati yapakamwa. Afunsenso chimene chimachitika mwini wake akamwalira, kuopa kusiyira adzukulu ngongole m'malo mwa chuma. Ngati wasaina kale atachita kutsatidwa ndi otsatsa malonda, lamulo loteteza ogula la ku South Africa la Consumer Protection Act la 2008 limapereka masiku asanu ogwira ntchito oti munthu asinthe maganizo, koma alembe kalata, foni siyisiya umboni.

Ngati mtima uli pa Durban basi, eni ake ambiri otopa ndi levy amabwereketsa masabata awo, mumalipira ulendo umodziwo nkhani n'kuthera pomwepo. Ife chaka chatha tinangodikira soya agulidwe, mu July tinakwera msewu wa M18 kupita ku Nkhotakota, tinagona masiku atatu m'mbali mwa nyanja, tinadya chambo, tinalipira m'makwacha. Mwanayo muuzeni akutumizireni chithunzi cha tsamba limene palembedwa za levy, mundiponyere ku inbox tiliwerenge limodzi musanatumize kalikonse.